Mutu 7: Madzi Odya Zigoba

1. Thanki lachitatu

Tiana ta nkhono ta m'thanki lachitatu tinafa Lolemba m'mawa.

Woyamba kuona anali mtsikana uja anthu ankamutcha Kakowa chifukwa cha miyendo yake yaitali ndi khalidwe lake lokonda kuima m'madzi. Asanapite kusukulu, ntchito yake inali kutunga madzi m'thanki, kuwasefa, ndi kudontheza dontho limodzi pa kagalasi kuti bambo ake aone pa makina okuza tinthu tating'ono. Tsiku limenelo sefa inatuluka ndi zotuwa zoterera, zonunkha ngati dzira lovunda.

Banja lawo linkakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuseri kwa nyumba kunali shedi yamalata momwe bambo ake ankaswetsera nkhono za m'nyanja, zija za zigoba ziwiri zimene anthu amadya. Nkhono zazikulu zikataya mazira, mazirawo ankathiridwa m'mathanki a madzi opopedwa m'nyanja. M'masiku awiri oyamba kamwana kalikonse kankayenera kudzipangira chigoba. Tianato tikakula ngati njere za mchenga, alimi ankabwera kudzatitenga n'kukatilera m'madengu omangirira pa zingwe m'nyanja. Mabanja makumi anayi ankadalira shedi imeneyi.

Bambo ake anaika diso pa makina aja, kenaka anadzuka.

"Bwera uone wekha," anatero.

Kakowa anasuzumira. Tiana tinali titagona pansi, osasuntha. Zigoba zake zinali zopindika, zina zobooka m'mbali ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi.

"Kachitatu aka," anatero amalume ake, amene ankathandiza ntchito pa shedipo. "Alamu, mudikira chiyani? Ine ndinanena kale. Nkhalamba ya pampu ija maso anatha. Ikuthira mafuta a injini m'madzi."

Nkhalamba ankanenayo inali a Dzimbiri. Dzinali anawapatsa chifukwa manja awo sankayera ngakhale asambe ndi sopo wamtundu wanji. Anayendetsa pampu ya pa shedipo zaka makumi awiri.

"M'madzimo mulibe mafuta," a Dzimbiri anayankha ali pakhomo. "Nunkhizani nokha."

"Ndiye chikupha n'chiyani?" bambo a Kakowa anakalipa. "Mathanki ndatsuka. Mapaipi ndasintha. Chakudya chake n'chomwe chija. Chatsala ndinu! Nkhono zokhwima zatsala za ulendo umodzi wokha chaka chino. Zikafanso zimenezi, anthu aja ndidzawauza chiyani? Tengani zanu, madala. Pampu ayendetsa alamu anga."

A Dzimbiri anapachika sipanala pa msomali pake, n'kutuluka.

2. Chigoba m'botolo

Kusukulu Kakowa sanamve chilichonse mpaka nthawi yopuma. Anzake atatuluka, anapita m'chipinda cha sayansi n'kufotokozera aphunzitsi zonse, misozi ili m'maso.

Aphunzitsiwo, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anatenga botolo pa shelefu. Munali viniga ndi chigoba cha nkhono chimene anaponyamo sabata yatha. Anachitulutsa n'kumupatsa. Kakowa atangochifinya, chinaphwanyika ngati bisiketi yonyowa.

"Ameneyu ndi asidi," anatero aphunzitsi. "Amadya chigoba."

"Koma madamu, madzi a m'nyanja sawawasa. Ndimalawa tsiku lililonse."

"Sungamve ndi lilime. Nyanja sinasanduke viniga ayi. Yangosintha pang'ono, koma pang'ono pako ndi phiri kwa kamwana ka nkhono. Khala pansi undimvetsere bwino.

"Utsi wa magalimoto, wa mafakitale, wa nkhalango zotenthedwa, suthera m'mwamba. Muli mpweya wa kaboni, ndipo nyanja imamwa gawo lalikulu la mpweya umenewu. Ukalowa m'madzi umapanga asidi. Asidiyo amachepetsa zinthu zimene nkhono imamangira chigoba. Zili ngati kuuza mmisiri kuti amange nyumba m'masiku awiri uku ukumubera njerwa. Si nkhono zokha. Nkhanu zikuvutika. Matanthwe amoyo a pansi pa nyanja, momwe nsomba zimaswana, akufooka. Tizilombo ta zigoba timene nsomba zazing'ono zimadya, natonso tikuchepa. Nsomba yaing'ono ikasowa chakudya, yaikulu idya chiyani? Nanga iwe?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa chipangizo chooneka ngati cholembera chonenepa, chokhala ndi kagalasi koonetsa nambala.

"Ichi n'choyezera. Madzi abwino a m'nyanja amaonetsa 8.1. Nambala ikamatsika, dziwa kuti asidi akukwera. Yeza m'mamawa, yezanso masana, ulembe. Koma tamvera, mwana iwe. Ndikukubwereka choyezera, sindikukubwereka nzeru za bambo ako. Ana asukulu mukadziwa kanthu kamodzi mumayesa kuti mwadziwa zonse. Usathire mankhwala alionse m'thanki. Usagwire makina a eni ake. Yeza, lemba, uwaonetse mwaulemu. Wandimva?"

"Ndamva, madamu."

3. Mazira sadikira

Lachiwiri m'mamawa Kakowa anapita kumapeto kwa mlatho wamatabwa, pomwe paipi ya pampu inkalowera m'nyanja. Anaviika choyezera. Chinaonetsa 7.6. Atabwera kusukulu anayezanso: 8.0. Lachitatu zinachitika chimodzimodzi.

Anathamangira kwa bambo ake ndi kope lake. Anawapeza akukwecha thanki lopanda madzi.

"Ababa, taonani. Madzi a m'mamawa ndi amene ali ndi asidi wambiri. Tidzaze mathanki pano, dzuwa lidakalipo."

"Madzi a masana ndi avumbwevumbwe," anayankha osatembenuka. "Ine ndakhala ndikupopa m'mamawa iwe usanabadwe. Madzi oyera, ozizira."

"Koma nambala…"

"Alimi asanu andipeza lero. Mmodzi wandigwira malaya. Ndipite ndikawauze kuti mwana wanga ali ndi cholembera cha nambala? Choka apa, ndili ndi ntchito."

Kakowa anapita kwa a Dzimbiri. Anawapeza pakhonde akukonza wailesi yakale, poti manja awo sankatha kukhala chabe. Anawaonetsa kope lija. Iwo anayang'anitsitsa, kenaka anagwedeza mutu.

"Nambala sindizidziwa, koma mphepo ndimaidziwa," anatero. "Ikamaomba kuchokera kumtunda masiku angapo, imakankha madzi a pamwamba kupita kutali. Ndiye kumabwera madzi a pansi penipeni, ozizira, oyera mbee ngati a m'botolo. Bambo ako amawakonda chifukwa cha kuyerako. Ine ndinaona kalekale kuti akabwera madzi amenewa, tiana timafa. Kale zinkachitika kamodzi pa zaka zingapo. Lero ndi mwezi ndi mwezi. Ndinanena, koma wa pampu ndani amamumvera?"

"Nanga masana zikusintha chifukwa chiyani, agogo?"

"Funsa aphunzitsi ako."

"Anati udzu wa m'nyanja ndi ndere zimayamwa mpweya uja dzuwa likawala," Kakowa anakumbukira.

"Basi, ndi zimenezo." Anaika wailesi pansi. "Koma nkhope yakoyo sindikuikonda. Ndinakunyamula uli khanda, ndimadziwa ukafuna kuchita zamakani. Tsono ndimvere. Mazira a nkhono sadikira. Akangotuluka amakhala mamiliyoni m'ndowa imodzi, opanikizana. Akakhalitsa mpweya umawathera, amayamba kuola, ndipo limodzi likaola limaoletsa anzake. Ine ndinaonapo ndowa zisanu zikutayidwa chifukwa injini inazima maola anayi okha. Madzi oipa amapha, kuchedwa nakonso kumapha. Bambo ako si chitsiru, ndi munthu wamantha. Munthu wamantha sumukankhira kukhoma, umamusiyira khomo loti atulukire. Ukamuchititsa manyazi pamaso pa alamu ake, adzakana ngakhale choona chili pamphuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdzukulu wanga. Ngakhale zathuzi zilibe ndi maso omwe."

Anaseka okha. Kakowa sanaseke.

4. Lamba wa pampu

Lachinayi kutangocha, nkhono zokhwima zija zinayamba kutaya mazira zokha, osadikira kuti wina azikonzekeretse. Madzi a m'beseni lalikulu momwe zinkasungidwa anayera ngati mkaka.

"Alamu, ndowa!" bambo a Kakowa anafuula. "Zayamba!"

Amuna awiriwo anatanganidwa kusefa mazira ndi kuwagawa m'ndowa zinayi. Kakowa anathamangira ku mlatho. Mphepo inkaomba kuchokera kumtunda. Madzi anali oyera moti ankaona mchenga wa pansi. Choyezera chinaonetsa 7.6.

Anabwerera ku shedi.

"Ababa, chonde. Ali pa 7.6. Tidikire masana."

"Alamu, kalizeni injini."

"Ababa!"

"Iwe, valira sukulu!"

Amalume anali asanamalize kusefa ndowa yomaliza. Kakowa anatuluka, n'kuzungulira kuseri, n'kulowa m'kanyumba ka pampu. Sipanala inali pa msomali pomwe a Dzimbiri anaisiya. Anamasula mabawuti awiri monga ankawaonera akuchita, n'kuvula lamba wolumikiza injini ndi pampu. Lamba wina wapadera panalibe, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Amalume atalowa m'kanyumbamo anapeza injini ili maliseche. Atasuzumira panja anaona mtsikana ali kumapeto kwa mlatho, mkono atautambasulira pamwamba pa madzi akuya, lamba akulendewera m'dzanja.

"Alamu! Bwerani mudzaone mwana wanu wapenga!"

Bambo ake anabwera akuthamanga, manja akudontha madzi. Anaima pakati pa mlatho.

"Bweretsa lambayo."

"Mukayandikira ndimuponya."

"Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Madziwa apha katatu, ababa. Aphanso."

"Musiyeni ndimugwire," amalume anatero akupinda malaya. "Mwana wopanda mwambo! Sukulu imeneyi ndiyo yamuononga."

"Imani pomwepo, alamu."

Bambo ake anapukuta nkhope ndi chikhatho. Mawu awo atatuluka sanalinso aukali. 

"Mwana wanga, m'ndowa muja muli chakudya cha mabanja makumi anayi. Muli sukulu yako. Muli nyumba yomwe umagonamo. Agogo ako anayamba shedi iyi ndi thanki limodzi lobooka. Ine sindinaphunzire ngati iwe, chimene ndikudziwa n'chakuti mazira aja akafika masana ali m'ndowa, ndataya zonse. Ukaponya lambayo, kukagula wina ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Sipadzakhala madzi a m'mamawa, sipadzakhala a masana. Udzakhala utapha ndiwe, ndi dzanja lakolo. Kodi udzatha kuyenda mumsewu uno anthu akudziwa zimenezo?"

Mkono wa Kakowa unayamba kulemera. Misozi inkatsika koma sanaipukute.

"Ndikapereka mudzathira zonse m'madzi oipa."

"Ukapanda kupereka zifa zonse m'ndowa."

Anayang'anizana. Mafunde ankamenya mizati ya mlatho.

Kakowa ndiye anayamba kulankhula.

"Ndowa ndi zinayi, ababa. Ziwiri thirani pano monga mumachitira. Ziwiri mundisiyire mpaka masana. Ndikalakwa, mudzandilange mmene mungafunire."

"Mukumva?" amalume anatero. "Akutigawira ntchito ngati ndiye bwana!"

Bambo ake anayang'ana ku shedi, anayang'ananso mwana wawo.

"Ziwiri," anatero. "Bweretsa."

Kakowa anayenda pang'onopang'ono n'kupereka lamba ndi manja awiri. Bambo ake analandira osamuyang'ana kumaso.

Tsiku limenelo sanapite kusukulu. Anakokera ndowa zake ziwiri pakona yozizira ya shedi, n'kulowetsamo timapaipi ta mpweya. Ankatakasa ndi dzanja mofatsa, kenaka kuthamangira ku mlatho kukayeza, kenaka kubwerera.

Cha m'ma 10 koloko: 7.6.

Dzuwa lili pamutu: 7.7. Mitambo inaphimba kumwamba. Kakowa anaima pa mlatho akuiyang'ana ngati angaikankhe ndi maso.

Cha m'ma 1 koloko ndowa imodzi inayamba thovu pamwamba. Anainunkhiza n'kumva fungo lija la Lolemba. Anasefa mazirawo, anayesa kuwagawa m'mabeseni, koma madzi abwino oti awonjezere panalibe. Anakhala pansi pa simenti yonyowa n'kulira mokweza. Amalume anadutsa n'kutsonya.

"Ndi imodzi imeneyo," anatero.

Mitambo inang'ambika. Pa 2 koloko choyezera chinaonetsa 7.9. Pa 3 koloko, 8.0.

"Ababa! Tsopano!"

Bambo ake anapita okha kukaliza injini. Madzi obiriwira, avumbwevumbwe, anayamba kulowa m'thanki la pakona. Kakowa anathiramo ndowa yake imodzi yotsala. Inayo anakaitaya.

5. Loweruka

Masiku awiri anadutsa bambo ndi mwana osalankhulana. Mayi ake ankaika chakudya patebulo, n'kuchichotsa chitazizira.

Loweruka m'mawa onse anasonkhana pa makina aja. Anayamba ndi thanki la bambo. Bambo ake anaika diso, anasuntha kagalasi uku ndi uku, anadonthezanso dontho lina. Kenaka anadzuka.

"Zapita," anatero.

Amalume anatuluka panja.

Kakowa anatunga m'thanki la pakona. Anadontheza dontho pa kagalasi. Bambo ake anaweramanso. Anakhala choncho nthawi yaitali kuposa poyamba.

"Ababa?"

Anamukoka pamkono n'kumuika pa makinawo.

Pansi panali takufa tambiri. Koma pakati pa takufato panali tina tikuzungulirazungulira mofulumira, tili ndi zigoba zosalala, zoonekera ngati galasi, mbali imodzi yowongoka, inayo yobulungira. Kakowa anawerenga tisanu ndi tiwiri m'dontho limodzi.

"Tili moyo," ananong'ona.

"Kamwana kamodzi pa khumi ndiko kapulumuka," anatero bambo ake. "Mabanja asanu ndi atatu angapeze mbewu ya nkhono, tikatilera bwino. Enawo ayi." Anakhala pa ndowa yovundikira. "Za lamba uja sindinaiwale. Ukanamugwetsa, lero bwenzi tilibe ndi izi zomwe. Ndowa inafa m'manja mwako ija uikumbukire moyo wako wonse. Koma nanenso ndili ndi zanga zoti ndikumbukire. Ndinathamangitsa munthu wosalakwa, ndipo ndowa ziwiri ndinazithira ndekha m'manda."

Anapuma mozama.

"Tianati sitingakhale m'madzi amodzimodzi. Mawa thanki likufunika madzi atsopano, apo ayi tifa ndi zonyansa zake zomwe. Tipopa lero masana, tisunge m'thanki linalo. Nthawi unena ndiwe."

Pa 3 koloko anapitira limodzi ku mlatho. Dzuwa linali likuswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Koma mphepo ya kumtunda inali itakula. Inkakupiza malata a shedi ndi kuulutsa mchenga. Madzi anali oyera mpaka pansi, ndipo Kakowa ataviikamo dzanja, kuzizira kwake kunamulowa m'mafupa.

Anaviika choyezera. Nambala zinavinavina, kenaka zinaima.

"Bwanji?" bambo ake anafunsa.

"7.6."

"Masana ano? Yezanso."

Anachitsuka, anachipukuta ndi siketi, anasuntha n'kukayeza mbali ina ya mlatho. Anayeza kachitatu atagona chafufumimba, mkono wonse uli m'madzi.

"7.6, ababa."

Bambo ake anayang'ana nyanja yonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Inali yaikulu monga mwa masiku onse, ndipo munalibe ndowa imodzi ya madzi oti angathire m'thanki lija. Anatembenukira kwa mwana wawo amene anali chigonere pa matabwa.

"Ndiye titani, mwana wanga?"

Chibadwire, aka kanali koyamba kuti bambo ake amufunse funso limeneli. Kakowa anayang'ananso choyezera, nambala ili pomwepo pa 7.6.